Funsani Alangizi: Abulu Opuma pa Ntchito, Mbuzi ya pa Kaliyala ndi Zina

Mwezi uno ndasankha makalata asanu ndi imodzi omwe akuyendera limodzi. Za mankhwala a nyongolotsi ndi kukwera mtengo kwa chakudya cha nkhuku zidikire mwezi wamawa. Amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, dziwani kuti akukuyankhaniyu ndi nkhalamba yomwe inatha zaka 31 ikuyenda pa njinga yamoto kuchoka pa dibi ili kupita pa dibi lina, ndipo nyama imadya. Ndaneneratu, wina asadzati ndinamubisira.

FUNSO: Alangizi, ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Exeter, ku England. Mnzanga wachizungu ananditengera ku Sidmouth kukaona malo osungirako abulu okhaokha. Sakoka ngolo, sasenza katundu, amangodya ndi kugona, dokotala wawo ali pomwepo. Akuti ku America kulinso malo otere a ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku, zimakhala mpaka kufa ndi ukalamba. Ndinaseka, kenako mtima unandiwawa nditakumbukira kuti mwezi ndi mwezi ndimatumiza ndalama ya chimanga kwa amayi anga ku Ntchisi. Kodi kumeneku si kukhuta? Ndine mwana wanu wa ku Exeter.

YANKHO: Mwana wanga, kukhuta kulimo ndithu, ndisakunamize. Munthu wogona ndi njala samangira bulu chipatala. Koma usasekeretu usanamve kumene zinachokera.

Malo unaonawo anayambitsa ndi mayi wina dzina lake Elisabeth Svendsen, yemwe ankayendetsa hotela ku Devon komweko. Bulu wake woyamba anamugula mu 1969. Atapita pa msika wa ziweto wa ku Exeter, mzinda ukukhalawo, anapeza abulu ofooka atapanikizidwa m'kakhola, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kutola abulu ozunzika. Mu 1974 mayi wina wachikulire, Violet Philpin, anamwalira n'kumusiyira abulu 204 ngati chuma cha masiye. Ena amasiyiridwa nyumba ya malata, iyeyu anasiyiridwa pakamwa 204 pofuna udzu.

A ku America aja, odziwika kwambiri ndi a Farm Sanctuary, omwe anayamba mu 1986 ndi anthu awiri, Gene Baur ndi Lorri Houston. Iwowa ankazungulira m'misika ikuluikulu ya ziweto kuti aone zochitika kuseri. Ku Lancaster, m'chigawo cha Pennsylvania, anapeza mulu wa ziweto zakufa kuseri kwa msika, ndipo pamulupo nkhosa imodzi inadzutsa mutu. Inatayidwa ili moyo chifukwa inkalephera kuimirira. Anathamangira nayo kwa dokotala wa ziweto akuganiza kuti akangoimaliza kuti isavutike, koma itafika kumeneko inadzuka n'kuyamba kudya. Anaitcha Hilda, ndipo inakhala zaka zina 11. Ndalama zoyambira ankazipeza pogulitsa masoseji opanda nyama m'kagalimoto ka Volkswagen panja pa malo omwe gulu loimba la Grateful Dead linkaimbira. Lero ali ndi famu ku Watkins Glen m'chigawo cha New York, ndi ina ku Acton, ku California.

Tsono tiwerengere. M'mafamu amenewa muli ziweto mazana angapo. Dziko la America limapha nkhuku zoposa 9 biliyoni chaka chilichonse. Ntchito yawo ikanakhala kupulumutsa ziweto basi, kukanakhala kuphwetsa nyanja ya Malawi ndi chipande. Eni akewo akudziwa zimenezo. Ziweto zili m'mafamumo ndi mboni za pabwalo la milandu. Munthu wa mumzinda wa New York, amene nyama amaidziwira m'pulasitiki ya m'sitolo, akafika kumeneko nkhumba imamugonera cham'mbali kuti aikande pamimba. Akabwerera kwawo amayamba kufunsa kuti zinzake zikukhala bwanji. Yankho lake ndi loti nkhumba ya bere imatsekeredwa m'kachitsulo kopapatiza koti singatembenuke pafupifupi miyezi inayi, ndipo nkhuku yoikira imakhala m'kakhola ka waya, malo ake osakwana pepala limodzi la A4. Kufunsa kumeneko ndi kumene kunabala malamulo. Anthu a ku Florida anavota mu 2002 kuletsa tizitsulo ta nkhumba tija, a ku California anavota mu 2008 ndi mu 2018 kuti ziweto zipatsidwe malo okwanira, ndipo maiko a European Union analetsa makhola a waya a nkhuku zoikira opanda chisa kapena potera kuyambira mu January 2012.

Koma usaganize kuti chifundo chokha chimasuntha boma. A Farm Sanctuary analira zaka zambiri kuti ng'ombe zolephera kuimirira zisamakwakwazidwe ndi matcheni kupita nazo kophera. Boma linagontha m'kutu mpaka mu December 2003, pamene ng'ombe ina m'chigawo cha Washington inapezeka ndi matenda a misala ya ng'ombe. Pasanathe sabata ziwiri lamulo linatuluka. Anachita kuopera m'mimba mwawo.

Pomwe ine ndimasiyana nawo ndi apa: cholinga chawo chenicheni ndi choti anthu alekeretu kudya nyama, mazira ndi mkaka. Ine sindingakwere njinga kupita ku Ntchisi kukalalikira zimenezo. Kwa amayi ako mbuzi ndiye banki, ndiye fizi, ndiye thumba la fetereza. Mwana amene wadyera nkhwani sabata yonse, dzira limodzi ndi mankhwala. Chomwe ndinatolako ndi china. Mu 1965, komiti ya ku Britain komwe uliko, yotsogoleredwa ndi Roger Brambell, inanena kuti chiweto chilichonse chizitha kuimirira, kugona, kutembenuka, kudzikanda ndi kutambasula miyendo popanda chovuta. Nditazimva koyamba ndinaseka ngati iwe, poti agogo anga sanapite kusukulu koma ankamasula ng'ombe zawo, Bulaki ndi mnzake, pagoli dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo mwana wokwapula ng'ombe pachabe chikoticho chinkathera pa iye. Ndinasiya kuseka nditalowa m'khola la mazira lamakono kuno kwathu n'kupeza makhola a waya omwe aja, amene eni ake kwawo akuwachotsa.

Ndalama ya chimanga pitiriza kutumiza, usachite nayo manyazi. Ukapitanso ku Sidmouth, uwafunse akuonetse momwe amasokera malamba okokera ngolo, ujambule pafoni, unditumizire. Kalata yotsatirayi ikuuza chifukwa chake.

FUNSO: Alangizi, malume atamwalira anandisiyira ngolo ndi abulu atatu. Ndimanyamula njerwa, mchenga ndi chimanga. Awiri ali ndi zilonda pakhosi zosapola, ndimapaka oyilo wakuda wa galimoto monga ankachitira malume. Wachitatu wakalamba, sakokanso. Kwabwera munthu akufuna kumugula, koma akuti iye akufuna chikopa chokha. Ndigulitse? Ndine wa ngolo, ku Mitundu.

YANKHO: Achimwene, oyiloyo lekani lero lomwe. Amathamangitsa ntchentche tsiku limodzi, koma amawotcha mnofu womwe ukufuna kumera, ndiye chilonda chimangokhala chakuda pamwamba, pansi chikunyeka. Malume anu sanali munthu woipa. Palibe anawauza, ndipo mlandu wina ndi wathu alangizife. Pa maphunziro athu za ng'ombe tinkaphunzira miyezi, za bulu masamba awiri.

Chikudya khosi la abulu anuwo ndi goli. Goli linapangidwira ng'ombe, yomwe ili ndi linunda ndi khosi lalifupi lochindikala, pomwe mtengo umatsamira bwinobwino. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, khungu lake lopyapyala, ndipo mphamvu zake zili pachifuwa ndi m'mapewa. Ngolo zathu zambiri ndi za ng'ombe, za mtanda umodzi pakati, ndiye kulemera konse kwa kutsogolo kumagwera pakhosi. Yesani izi mawa: mukamaliza kupakira njerwa, musanamange abulu, nyamulani nsonga ya mtandawo ndi dzanja limodzi. Mukalephera, dziwani kuti chomwe chakukanikanicho ndi chomwe bulu akuyenda nacho pakhosi kukafika pamsika. Sunthani katundu akhale pamwamba pa matayala, ndipo maulendo awiri opepuka amaposa umodzi wopha.

Bulu amafuna lamba wa pachifuwa, wotambalala ngati zala zinayi, wa tenti kapena lamba wakale wa pachigayo wokutidwa ndi nsalu yofewa. Matayala otuluka waya ndi matumba a fetereza ayi, amacheka akanyowa thukuta. Pamsana pakhale kachishalo kofewa konyamula mtanda, kosagunda fupa la msana, ndi lamba wina kumatako woti ngolo isamamugunde pamtsetse. Telala wa pamsika pomwepo angasoke mutamuonetsa.

Zilondazo tsukani kawiri patsiku ndi madzi owiritsa ozizira, supuni yaing'ono ya mchere pa theka la lita. Chachikulu ndi kupuma mpaka zitatsekeka. Ndikudziwa, sabata ziwiri zopanda ngolo ndi sabata ziwiri zopanda ndiwo. Koma kafumbata amalowera pa zilonda zomwezi, ndipo bulu akaumitsa nsagwada nthawi zambiri mwataya. Vuto la bulu ndi loti salira akamamva ululu. Amangoima, mutu pansi, ife n'kumati waliuma, n'kuwonjezera chikwapu. Bulu amene wakana chakudya tsiku lathunthu akudwala kwambiri, itanani alangizi tsiku lomwelo. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, lomwe linayamba mu 2008, ndipo limathandiza eni abulu. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko akulumikizitseni.

Tibwere kwa wa chikopayo. Ku China amawiritsa zikopa za abulu n'kupanga mankhwala otchedwa ejiao, omwe amagulidwa modula. Abulu a kwawo atachepa, ogula anatembenukira kuno ku Africa. Anthu a ku Sidmouth aja akuti abulu osachepera 5.9 miliyoni amaphedwa chaka chilichonse chifukwa cha malonda amenewa. Bulu amatenga bere miyezi 12 n'kubereka mwana mmodzi, ndiye sangaswane mofanana ndi momwe akuphedwera. Kenya inalola nyumba zophera abulu kuyambira mu 2016, ndipo chinatsatira ndi umbava: anthu ankadzuka m'mawa n'kupeza abulu awo atasendedwa kuthengo, mitembo ili pomwepo. Mu 2020 boma la kumeneko linalamula kuti zitsekedwe. Mu February 2024 atsogoleri a maiko a African Union, pamsonkhano wawo ku Addis Ababa, anagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa mu Africa monse.

Ndiye musagulitse. Mukagulitsa nkhalambayo mwamuonetsa munthuyo njira ya ku khola lanu, ndipo amene adzabwere usiku sadzasankha wokalamba. Awuzeni amfumu ndi alangizi kuti kwabwera munthu wotere. Bulu wokalambayo musungeni. Amadya udzu ndi mapesi, amakupatsani manyowa, ndipo usiku akamva mlendo amalira kuposa galu. Muoneni mano ndi ziboda, mumumangire kadenga, poti ubweya wa bulu umalowa madzi. Tsiku lomwe adzalephere kudzuka, itanani dokotala amumalize mwachangu. Ndili mnyamata pantchito ndinadutsa bulu wotere atatayidwa kudambo, miyendo yakutsogolo ili chimangire, akudikira afisi. Ndinali ndi mpeni wodulira chingwe m'thumba, koma ndinkathamangira kudibi. Mpaka lero ndikadutsa padambo limenelo ndimayang'ana kumbali.

FUNSO: Alangizi, pobwera kuchokera ku Lunzu ndinakumana ndi venda atamanga mbuzi pa kaliyala ndi malegeni, mutu ukulendewera, lilime lili panja. Ndinalephera kupirira, ndinaigula ndi ndalama yomwe inali ya lendi. Bambo a kunyumba akundiseka kuti ndigula mbuzi zonse za mu Blantyre. Ndinalakwa? Ndine mayi wa ku Chirimba.

YANKHO: Amayi, mtima wanu sunalakwe, koma bambowo ali ndi mfundo, ngakhale musawauze kuti ndatero. Vendayo anagulitsa msanga, pamtengo wabwino, osafika n'komwe kwa achiwaya. Mawa amanga ziwiri chimodzimodzi. Ichi n'chifukwa chake malo ambiri osungira ziweto zopulumutsidwa amakana kugula. Amalandira zotayidwa, zolandidwa ndi apolisi kapena zoperekedwa ndi eni ake.

Mbuziyo poti yafika, ikhale pamthunzi, madzi asasowe, ndipo miyendo ikhoza kutupa masiku angapo momwe munadutsa malegeni. Ipatseni mankhwala a nyongolotsi. Muitalikitse ndi majumbo. Ndatumbulapo mbuzi za m'tauni zomwe zinkaoneka zonenepa pamimba, m'kati muli mtolo wa mapulasitiki wolimba ngati mpira wa ana. Mbuzi yokha imalira usana ndi usiku, ndipo oyandikana nawo nyumba sachedwa kutopa. Ikapeza mphamvu, kaisiyeni kumudzi komwe kuli zinzake, koma kumeneko ikakhale payokha sabata zitatu isanalowe m'khola.

Mukafuna kuthandiza zinazo, lankhulani ndi venda m'chilankhulo cha ndalama. Mbuzi yofika itafinyidwa nyama yake imakhala ndi magazi oundana, imada, siichedwa kununkha, ndipo abutchala amatsitsa mtengo. Ina imafera panjira, mimba itafufuma. Nkhuku zolendewera chadodolido pa handulo dzuwa lili ng'a, ziwiri zikafa phindu la tsikulo lapita. Kabokosi ka matabwa pa kaliyala, mbuzi itagonera pachifuwa mutu uli m'mwamba, ndi dengu lalikulu la nkhuku, zimabweza ndalama yake mwezi usanathe. Lamulo liliponso, la Protection of Animals Act, ndipo limaletsa kunyamula chiweto mochizunza popanda chifukwa. Kungoti ndi lakale, ndipo ndi ochepa amalikumbukira. Komiti ya msika ndi yomwe imamveka msanga kuposa khoti. Ndili ku Machinga anzanga enieni pankhaniyi anali mashehe: mpeni ukhale wakuthwa, chiweto chimwe madzi, ndipo chisaphedwe chinzake chikuona. Iwo akanena Lachisanu, Loweruka zinkasintha.

FUNSO: Alangizi, ndamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda, ntchito sinapezeke. Agogo ali ndi maekala asanu ku Ntcheu. Ndikufuna nditsegule malo opulumutsirako ziweto ngati omwe ndimaona pa YouTube. Ndiyambire pati? Ndine mnyamata wa ku Ntcheu.

YANKHO: Mphwanga, walira mvula walira matope. Tenga pensulo.

Mbuzi ikasamalidwa imakhala zaka 10 mpaka 15, nkhumba chimodzimodzi, ng'ombe imatha kufika 20, bulu amapitirira 30. Chiweto chilichonse cholowa pachipata chako ndi ngongole ya zaka zimenezo, ndipo sudzagulitsa ngakhale chimodzi, chifukwa ukagulitsa ndiwe mlimi ngati ife tonse. Amuna onse uyenera kufula, apo ayi zaka zitatu malo adzaza ndi ana obadwira pomwepo. Ng'ombe imodzi mu Okutobala imamwa malita 40 patsiku, ndowa ziwiri zazikulu. Mjigo uli patali bwanji? Mpanda amanga ndani, ndipo sabata ya Khirisimasi adzalondera ndani?

Kenako matenda. Malo olandira ziweto zochokera uku ndi uku ndi msika wa tizilombo. Nkhumba imodzi yobwera ndi chigodola imatha khola lako ndi la mudzi wonse, poti mankhwala ake palibe, ndipo kachilombo kake kamayenda pa nsapato ndi m'makombo a nyama. Ng'ombe yochokera ku Chikwawa kapena Nsanje nthawi ya matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi ikhoza kutsekeretsa boma lonse. Chiweto chisasamuke popanda chikalata cha a zaziweto, ndipo chikafika chikhale pachokha pafupifupi mwezi.

Ndalama za malo otere zimachokera kwa alendo ndi opereka mwaufulu. Ku Franschhoek, ku South Africa, mayi wina dzina lake Joanne Lefson anapulumutsa kankhumba mu 2016. Kanayamba kugwira burashi ndi pakamwa n'kumapaka utoto pansalu, anakatcha Pigcasso, ndipo zojambula zake zinkagulidwa modula n'kumadyetsa ziweto zonse za pamalopo mpaka pamene inafa mu March 2024. Koma Franschhoek ndi kwa minda ya mphesa, kodzaza alendo a ndalama. Ku Tsangano kumabwera malole a kachewere ndi kabichi. Ndipo uganizire izi: mu February wa chaka cha njala, anthu akupempha madeya kuti akaphike, iwe ukuthira madeya omwewo kwa nkhumba yomwe sidzadyedwa. Agogo ako adzawayankha chiyani anthu pamaliro?

Sindikukuletsa chifundo. Ndikukuuza komwe chingagwire ntchito yaikulu. Chitopa chimasesa nkhuku za m'midzi chaka ndi chaka, zimafa zikupotokola makosi. Katemera wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, ndipo sawonongeka msanga ndi kutentha ngati akatemera ena. Iwe ndi njinga ndi kabotolo kokutidwa ndi nsalu yonyowa m'dengu ungapulumutse nkhuku zambiri mwezi umodzi kuposa zomwe maekala asanu angasunge moyo wako wonse, ndipo eni ake amalipirako kangachepe pa nkhuku iliyonse. Phunzira kufula ndi chida choyenera m'malo mwa lumo, kusenga ziboda, kusoka malamba a abulu. Pa malo a agogowo manga timakola tiwiri ta zangozi, ta chiweto chogundidwa pamsewu kapena cholandidwa kwa wankhanza. Ukakwanitsa kudyetsa ziwiri kwa zaka ziwiri osapempha munthu, undilemberenso.

FUNSO: Alangizi, ndagula nkhuku 10 zoikira zomwe afamu anazitulutsa kuti zatha ntchito. Ndi zothothoka nthenga, zomvetsa chisoni. Ndingaziwete m'malo mozidya? Ndine mphunzitsi wa ku Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, zingatheke. Mafamu amazitulutsa zikakwana pafupifupi sabata 72 chifukwa mazira achepa, osati atha. Ku Britain bungwe la British Hen Welfare Trust, lomwe Jane Howorth anayambitsa mu 2005, lapezera kale makomo nkhuku zotere zoposa 1 miliyoni. Zikhale pazokha sabata zitatu, zilandire katemera wa chitopa, ndipo musazidule mwadzidzidzi chakudya chomwe zinazolowera, muzisakaniza ndi madeya pang'onopang'ono. Zigoba za mazira zowotcha n'kusinja zimathandiza mafupa. Tambala asaziyandikire mpaka nthenga za pamsana zitamera. Ngati zinakulira mu waya, poyamba sizidziwa kupalasa, sizidziwa kuthawa mphamba, ndipo kukada zimangoima pabwalo ngati alendo, muyenera kuzinyamula. Pakatha masiku ochepa mudzaona imodzi ikugona m'fumbi n'kumadzithira dothi ndi mapiko. Itanani ana a sukulu adzaone.

FUNSO: Alangizi, nthawi ya namondwe wa Freddy ndinavuula mbuzi yaikazi m'matope kumunsi kwa munda wathu, ili ndi chingwe chodukira m'khosi. Ndinakanena kwa amfumu, mwini wake sanapezeke. Ndaisamala, yaswa katatu, pano zilipo zisanu ndi imodzi. Tsopano kwabwera bambo wina wa mudzi wa kumtunda akuti ndi yake, waizindikira ndi khutu lodulidwa, ndipo akufuna zonse. Mwana wanga wamkazi, amene amaidyetsa, sakudya nsima. Nditani? Ndine mlimi wa ku Phalombe.

YANKHO: Bambo, mwa onse alemba mwezi uno, inu ndi amene munapulumutsadi chiweto, popanda chikwangwani pachipata. Amene tinaona zomwe madzi ndi miyala yochokera m'mapiri zinachita ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu mu March 2023 tikudziwa kuti munthu wotsika m'matope amenewo chifukwa cha mbuzi ya eni anaika moyo wake pachiswe. Munachitanso bwino kukanena kwa amfumu nthawi yomweyo, chifukwa lero palibe angakutcheni wakuba.

Nkhaniyi ibwerere komweko, pabwalo. Khutu lodulidwa lokha si umboni wokwanira, mbuzi zambiri n'zodulidwa makutu. Abwere ndi anthu a m'mudzi mwake oidziwa mbuziyo, ndipo aonetse kuti kadulidwe kameneko ndi ka pakhomo pake. Zikatsimikizika, maganizo anga ndi oti make abwerere kwa mwini wake. Mwina bamboyo anataya zonse usiku umenewo, ndipo iyi ndi yokhayo yatsala ya khola lake. Koma zoti atenge zonse, ayi. Kwathu munthu akaweta mbuzi za mnzake amapatsidwako ana, ndiye kuli bwanji inu amene munaivuula, kuigulira mankhwala ndi kuimangira khola? Kagawidwe kake aweruze amfumu, ine si nyakwawa.

Chingwe chodukira m'khosicho chikunena kanthu, ndipo muwauze anthu pabwalopo. Mbuzi zambiri zimafa pa madzi osefukira chifukwa zili chimangire pachikhomo kapena zatsekeredwa m'khola la pansi. Wailesi ikachenjeza za namondwe, ziweto zipite kumtunda kusanade, ndipo ngati nthawi yatha, dulani zingwe ndi kutsegula khola musanathawe. Khola la m'mwamba limathandiza pa madzi ochepa, limatetezanso ziboda kuti zisaole ndi matope. Chizindikiro cha pakhutu cha banja lililonse chilembedwe m'kaundula wa amfumu.

Za mwanayo, musamunamize kuti mbuzi yapita kukadya msipu. Muuzeni zoona, apite nawo kubwalo, ndipo mupemphe kuti pogawa iye ayambe kusankha. Mumunong'oneze asankhe kamsoti. Ngati ana omalizawo akuyamwabe, pemphani make akhale kaye mpaka akwanitse miyezi itatu. Tsiku loiperekeza mulawire m'mamawa kusanatenthe, iyende yokha pansi, mwanayo atagwira chingwe.